Wogwira Chishalo

Sherisse anali atamangirira kale mapazi ku mapedalo pamene anazindikira kuti alibe womugwirira njinga. Anangoyedzamira mpanda wa bwalo. Njinga ya mpikisano wa m'bwalo ilibe mabuleki, ndipo mapazi akamangidwa munthu sangaime yekha pamzere. Pamafunika wina wogwira chishalo mpaka wezulo italira. Mphunzitsi wake, Bambo Ramdeen, anali atathamangira kuchipatala ku San Fernando ndi mtsikana amene anagwa m'mawa.

"Nambala seveni, wokugwira ali kuti?" anakuwa woyambitsa mpikisano. "Mphindi imodzi, apo ayi ukhala woonerera!"

Agogo ake aamuna, a Aldwyn, anali pabenchi. Ndiwo anali oyamba kubweretsa chikho cha njinga m'tauni mwawo, kalekale bwaloli likadali la udzu. Koma chikho sichichiza ukalamba. Manja awo ankanjenjemera moti tiyi ankamwa theka, theka linalo n'kumwetsa malaya. M'mawa womwewo anapempha kuti adzamugwirire, iye n'kuwayankha mwachipongwe, "Ayi agogo, mundigwetsa pamaso pa anthu." Nkhalambayo inangopitiriza kumupopera matayala.

Tsopano Sherisse anawaona akutsika masitepe pang'onopang'ono, ndipo manyazi anamugwira.

"Iwe Sherisse, wabweretsa wokugwira kapena woti uwagwire?" anaseka Natoya, amene ankapikisana naye.

A Aldwyn sanamuyang'ane n'komwe. Anakankhira njinga pamzere, anapana tayala lakumbuyo ndi mawondo, n'kukoleka mikono pansi pa chishalo, chifuwa chitagunda msana wa mdzukulu wawo.

"Udzu ukanyowa tinkagwira chonchi," anatero. "Khala bwino."

Njinga inaima nji, koma Sherisse ankamva chinachake chikugwedezeka.

"Agogo, mukunjenjemera," ananong'ona.

"Si inetu, mwana iwe. Ndiwe."

Anayang'ana manja ake pahandulo. Ankanjenjemeradi, mpaka m'zigongono.

"Inenso ndinatero tsiku langa loyamba," anapitiriza a Aldwyn. "Palibe anafuna kugwirira mwana wa wodula nzimbe. Anandigwira ndi amayi anga, dengu la mango ataliika pambali. Puma. Pokhota pomaliza usamuyang'ane wamkamwayo, uyang'ane mzere."

Wezulo inalira. Sherisse anapalasa ngati akuthawa moto, koma Natoya anamutsogolera ndi theka la tayala. Kukhala wachiwiri kunali kokwanira kuti Sherisse alowe mpikisano womaliza.

Akumasula mapazi, Sherisse anaona Bambo Ramdeen akubwera wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Pepa, mwana wanga! Ndafika, womalizawu ndikugwira ndine."

Sherisse anacheuka. Agogo ake anali ayamba kale kukwera masitepe kubwerera kubenchi, okhaokha, atagwiririra chitsulo ndi manja onse awiri. Sherisse anasiyira mphunzitsi njinga n'kuthamanga, nsapato zikugogoda pasimenti.

"Agogo! Mukupita kuti? Ndinalakwa m'mawa, pepani. Tsikani, sitinamalizetu."