Nkhope ya Olipa pa Botolo la Chiponde

Osward anabwerera ku Pembamoyo ndi digiri ya kutsatsa malonda, jekete limodzi lakuda ndi nsapato zobooka kunsi. Zaka zinayi ku yunivesite ku Lusaka anaphunzira momwe munthu angagulitsire chilichonse kwa aliyense, koma ntchito inamukana. Makalata ofunsira ntchito anatumiza mpaka kutopa, osayankhidwa ndi imodzi yomwe. Chaka chinatha, chachiwiri chinayamba, wophunzira wathu uja akungozungulira pa boma la Chadiza, kulembera eni magolosale mitengo ya sopo pa makatoni.

Amene anamuphunzitsa anali Olipa, mlongo wake wamkulu. Makolo awo atamwalira, Olipa ndiye anakhala mayi ndi bambo wa Osward, kwinaku akulera yekha mwana wake wamkazi, Imelda. Ankalima mtedza, kuukazinga, kuusinja, n'kumagulitsa chiponde m'timakapu pamsika. Patsaya lakumanzere anali ndi chipsera chimene anachipeza atagwa pa njinga akupititsa matumba a mtedza ku boma kuti mlongo wake asathamangitsidwe sukulu. Sankadandaula. Anali mayi wa phwete, akaseka kumunda anthu a tsidya la dambo ankadziwa kuti Olipa wafika.

Njala sindiyo inkamudya Osward, chifukwa pakhomo pa Olipa munthu sankagona ndi njala. Chinkamudya ndi foni. Tsiku lililonse ankaonamo zithunzi za Terrance, mnzake wa m'kalasi amene ankakopera mayeso kwa iye, atatsamira galimoto ya kampani, mimba itayamba kale kutuluka. Osward ankayang'ana zithunzizo mpaka mtima kuwawa, kenako n'kuziyang'ananso.

Tisamunamizire, anayesako njira yowongoka. Anaika chiponde cha Olipa m'mabotolo, n'kumatapo pepala lojambulidwa mtedza. Mabotolowo anangochita fumbi m'magolosale. Ndiye tsiku lina kondakitala wa minibasi ya ku Chipata anamunong'oneza za a Fulansisi, sing'anga wa kuseri kwa Zingalume, amene ankati amatsegulira anthu malonda. M'mawa mwake Osward anabwereka njinga.

Anawapeza dzuwa lili pamutu, atakhala pansi pa mtengo wa mango, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Panalibe nyanga kapena zikopa. Chimene sichinamusangalatse Osward n'chakuti pakhomo ponsepo panalibe nkhuku, galu kapena mwana.

"Wabwera ndi chiyani, mwana wasukulu?" anafunsa a Fulansisi.

"Ndabwera ndi umphawi, bambo."

"Umenewo aliyense ali nawo. Ndikufunsa chimene unaphunzira."

Osward anati: "Anatiphunzitsa kuti munthu sagula katundu. Amagula nkhope imene waikhulupirira."

A Fulansisi anaseka osatsegula pakamwa. "Zaka zinayi kuti akuuze zimenezo? Chabwino, tigwira ntchito ndi sukulu yakoyo. Ubweretse chithunzi cha munthu amene amakukonda ndi mtima wonse. Cha mlendo ayi, chakuba ayi. Avomere yekha ndi pakamwa pake, ndipo pojambulidwa akhale akuseka. Ine ndichisambitsa. Ukachimata pa katundu wako, diso lililonse lochiyang'ana lidzakusiyira ndalama."

"Nanga mwini nkhopeyo?"

"Diso silibwerera chimanjamanja. Likasiya kwa iwe, limatapako kwa iye."

"Limatapa chiyani?"

"Usadzipusitse, wandimva. Limatapa pang'onopang'ono, ngati nyerere pa shuga. Ndipo asadziwe. Tsiku limene adzadziwe n'kukufulatira, maso onsewo adzasowa pogwera, ndiye adzabwera kwa iwe."

Munthu wamutu wabwino akanakwera njinga yake osatsanzika n'komwe. Osward anayamba kuwerengera monga anamuphunzitsira. Chaka chimodzi chokha, anadziuza choncho. Dzina likadziwika adzachotsa chithunzicho, Olipa adzakhala atangoonda pang'ono, ndipo adzamumangira nyumba ya malata. Mumtima mwake munalibenso dzina lina loti aliganizire, chifukwa padziko lonse womukonda choncho anali mmodzi yekha.

"Ine? Nkhope yakumundayi?" anatero Olipa atamva, akubisa kumaso ndi chitenje. "Iwe Osward, ukufuna anthu athawe chiponde?"

"Asisi, chipondechi ndi chanu. Anthu adziwe mwini wake. Mukuvomera?"

"Ndavomera, nanga ndingakukanize chiyani iwe? Koma chipserachi usachionetse kwambiri."

Anavala duku yake ya ku tchalitchi, n'kuimirira pafupi ndi nkhokwe atanyamula botolo. Osward anamuuza nthabwala ya m'busa wina amene anagwa m'dambo, Olipa n'kuphulika nako kuseka, ndipo chithunzi chinajambulidwa pomwepo. M'mawa mwake Osward anachipititsa kwa a Fulansisi kuti achisambitse. Botolo loyamba la chithunzicho Osward analipereka kwa Olipa ndi manja awiri. Olipa sanalitsegule, analiika pashelefu pafupi ndi Baibulo.

Zimene zinatsatira anthu a ku Chadiza akuzikambabe. Chiponde cha Mayi Olipa chinatha m'magolosale sabata yoyamba. Chinafika ku Katete, ku Chipata, mpaka m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka. Amayi ankalowa m'sitolo kukagula mchere n'kutuluka ndi mabotolo atatu, osadziwa kuti awagulira chiyani. Osward anagula makina, anatsegula fakitale ku Chipata, anagula galimoto yoposa ya Terrance. Pamsewu wolowera ku boma anaimika chikwangwani chachikulu, Olipa akuseka kumwamba kuposa mitengo. Anaitanidwanso ku sukulu zaukachenjede kukalankhula kwa ophunzira, ndipo ankawauza mosaphethira kuti chinsinsi cha malonda ndi kukhulupirika.

Choyamba kuchoka kwa Olipa chinali phwete lija. Anthu a tsidya la dambo anayamba kufunsa ngati wasamuka. Akamuuza nthabwala ankatsegula pakamwa, koma mawu osatuluka, iye n'kumadabwa yekha. Kenako thupi linayamba kutha. Chitenje chimene chinkangomukwana chinayamba kumuzungulira kawiri. Mvula itagwa analephera kunyamula khasu, munda wa mtedza uja n'kumera tchire. Ku kiliniki sanapeze kanthu. Kuchipatala chachikulu anamuyeza magazi, chifuwa, shuga, zonse, madokotala n'kungopukusa mitu.

Chikwangwani chija ndiye chinkanona. Zikwangwani zina zonse za mumsewuwo zinayera ndi dzuwa la Okutobala, koma cha Olipa chinkawala ngati achipaka mafuta m'mawa womwewo. Oyendetsa maminibasi ankachita nthabwala kuti mayi wa pachikwangwani akudya bwino kuposa mwini wake.

Chaka chija chinakwana. Osward anati adikire kaye makina atsopano afike. Makina atafika anati adikire kaye sitolo ina yaikulu isayine pangano. Nyumba ya malata anamangadi, ndipo Lamulungu lina Olipa anaimirira m'tchalitchi atagwiririra benchi, n'kuthokoza Mulungu pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha mlongo wake amene sanamuiwale. Osward anali pompo, pa benchi yakutsogolo, atavala suti. Anaweramitsa mutu ngati munthu wodzichepetsa. Ine zimenezi zimandinyansa kuposa zonse zimene anachita.

Chaka chachiwiri chikutha, Imelda anaimba foni kuti amayi ake sakuthanso kudzuka okha. Apa mantha anamugwira Osward, ndipo anathamangira kwa a Fulansisi. Anawapeza pansi pa mtengo womwe uja, malaya ali mbuu.

"Akufa, bambo. Mlongo wanga akufa."

"Ndiye wadabwa?"

"Ndichite chiyani?"

"N'zosavuta. Gwetsa chikwangwani, sonkhanitsa mabotolo onse, utenthe zithunzizo. Chuma chipita momwe chinabwerera, iwe ubwerera pa njinga yobwereka. Iye adzuka, mwezi sutha."

Osward anayang'ana galimoto yake imene inaima padzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Palibe njira ina?"

"Ndimadziwa kuti ufunsa choncho. Onse amafunsa choncho." A Fulansisi anachotsa kachitsotso pa malaya awo. "Bweretsa nkhope ina, maso asamukire kumeneko. Yanthete imakoka kwambiri, ndipo imachedwa kutha. Alipo wina amene amakukonda?"

Analipo. Imelda anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atangokhoza bwino giredi 12, ndipo ankauza aliyense kuti akufuna kukaphunzira za malonda ngati amalume ake. Osward anadziuza kuti akupulumutsa Olipa. Anadziuzanso kuti ndi chaka chimodzi chokha.

Anafika ku Pembamoyo Loweruka masana, atanyamula kamera, diresi latsopano ndi mafomu a ku yunivesite. Olipa anali atagona pamphasa pakhonde, mafupa okhaokha. Imelda ataona mafomuwo analumpha ngati kamwana, n'kuthamangira m'nyumba kukavala diresi lija.

"Tikufuna nkhope yachitsikana pa botolo, asisi apumuleko," anatero Osward Imelda atatuluka. "Ukuvomera?"

"Ndavomera, amalume! Ndiime pati?"

"Apo, pafupi ndi nkhokwe. Tenga botolo. Tsopano useke."

"Imelda." Mawu a Olipa anali otsika, koma onse awiri anatembenuka. "Kanditengere botolo lija lili pafupi ndi Baibulo. Ukandipatsa upite kwa anakubala a Tinenenji, oyandikana nafe aja, ukakhale komweko mpaka ndikuitane."

Mtsikanayo ananyinyirika, koma anamvera. Atachoka, Olipa analigwira botololo ndi manja awiri.

"Osward, bwera pafupi. Unandijambula kangati?"

"Kamodzi, asisi."

"Kamodzi. Nanga chipsera changa chapita kuti? Masaya awa ndi a yani? Ine sindinanenepepo chonchi chibadwire."

"Ndi makompyuta, asisi. Masiku ano zithunzi amazikonza."

"Botolo ili ndi loyamba lija, unandipatsa ndi manja ako. Lakhala m'nyumba mwanga zaka ziwiri, ndipo tsiku limene unandipatsa chipsera chinalipo. Kompyuta inalowa liti m'nyumba mwanga? Miyezi yonseyi ndakhala ndikuliyang'ana. Ine ndikamatha, uyu akunenepa. Ndinkadziuza kuti ndi maso anga odwala, chifukwa sindinkafuna kukuganizira zoipa. Lero ndamva ukufunsa mwana wanga funso lomwe lija, pamalo pomwe paja. Ndiuze zoona."

Sukulu yonse ija inamuthawa Osward. Anagwada pansi n'kuulula zonse, za a Fulansisi, za maso, za chaka chimodzi chimene chinasanduka ziwiri.

"Panalibe njira yondichiritsira?" anafunsa Olipa.

Osward anayang'ana kumbali.

"Ndakufunsa."

"Inalipo, asisi. Kutentha zonse."

Olipa anatseka maso. Misozi sinatuluke, m'thupimo munalibenso madzi. "Ukanabwera n'kunena kuti asisi, ndikufuna moyo wanu, mwina ndikanakupatsa, ndine chitsiru chako kuyambira kale. Koma unandiseketsa. Ndinaimirira m'tchalitchi kukuthokoza, iwe uli phee. Ndipo lero wabwerera mwana wanga, ine ndikupuma pompano, n'kumamuuza kuti aseke. Choka pakhomo panga. Sindikudziwa."

Anadzikoka pang'onopang'ono ndi zigongono, osalola kuti amuthandize, mpaka anatembenukira kukhoma.

Osward anathamangitsa galimoto kupita ku boma, anagwetsa chikwangwani chija ndi manja ake, anaimbira foni kufakitale kuti atenthe mapepala onse. Zimene akanachita sabata imodzi m'mbuyomo n'kupulumutsa munthu, anazichita zitapanda ntchito. Olipa anamwalira Lachiwiri, atauza Imelda ndi akulu a mpingo zonse zimene anamva.

Pamaliro panadzaza anthu, ena ochokera kutali amene ankangomudziwa mayiyo pa botolo. Osward atatsika m'galimoto, khamu lonse linatembenuka kumuyang'ana. Anaima chilili. Kenako anayamba kudzikanda kumaso, m'khosi, m'manja, akukuwa kuti maso akumudya, akumutapa, asiye kumuyang'ana. Anavula jekete n'kudziphimba nalo kumutu, n'kuthawira m'munda wa tchire uja. Amuna anayi analephera kumugwira.

Chiponde chija palibe anachigulanso. M'masitolo zithunzi zonse zinayera mbee sabata yomweyo, mabotolo anabwezedwa, fakitale inatsekedwa. A Fulansisi akuti akadali pansi pa mtengo wawo, ndipo njinga zikupitabe kumeneko.

Osward mungamupeze lero kuseri kwa pokwerera maminibasi pa boma la Chadiza. Amavala thumba la feteleza kumutu, lopanda ngakhale zibowo za maso, ndipo miyendo yake yatsala ngati mapesi. Akamva mapazi a munthu amapempha mwaulemu, ndi Chingerezi chabwino cha ku yunivesite, kuti chonde asamuyang'ane. Koma munthu wovala thumba kumutu pakati pa msika, ndani angadutse osamuyang'ana? Imelda akabwera kudzagulitsa mtedza amazungulira njira ya kuchipatala, ngakhale ndi yaitali.

Dyera la chuma ndi loipa chifukwa silidya mlendo, limayambira pa munthu amene amakukhulupirira. Osward anali ndi maphunziro, anali ndi chiponde chabwino, anali ndi mlongo womukonda. Chimene analibe ndi mtima wodikira, ndipo atapatsidwa mpata wosankha pakati pa galimoto ndi moyo wa amene anamulera, anayang'ana galimoto. Inu amene mukusirira za anzanu pa foni, limbikirani ndi chochepa chimene muli nacho. Chuma cha mankhwala chimalipiridwa ndi munthu, ndipo munthuyo sadzabwereranso.