Sitabilaiza za Mlamu Wanga

Linali Lachinayi, mvula ikuwaza pang'onopang'ono. Chitseko cha galaja ndinali nditatsitsa kale mpaka pakati. Ndinakhala pateyala lakutha n'kumadya mpunga wa nyama ya nkhumba umene mkazi wanga Pi-yun ananditsitsira kuchokera pamwamba pomwe timakhala. Unali mwezi wa mizimu, umene amati akufa amabwera kudzayendera amoyo. Mumsewu wathu wonse ku Xindian anthu ankawotcha ndalama zamapepala za akufa m'zitini pakhomo, phulusa n'kumauluka mpaka m'galaja.

Galimoto ya mlamu wanga ndinaimva isanafike pangodya. Ekizozi anaiboola dala kuti izilira ngati ng'ombe yomwe ikuphedwa.

Te-wang ndi mlongo wake wa Pi-yun, chitsiriza m'banja mwawo. Amagulitsa nyumba za eni ake, koma akamayankhula mungayese anazimanga yekha. Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi anayi anagula galimoto yakale yofiira, naimata zithunzi mpaka pagalasi, nayamba kudzitcha dalaivala wa mpikisano. Mpikisano wake unali wopitirira malole onyamula kabichi pamsewu wa m'mapiri wopita ku Yilan.

Anatsegula buti natulutsa zitsulo ziwiri zabuluu. Zinali sitabilaiza, zitsulo zopindika zija zimene zimalumikiza teyala lakumanja ndi lakumanzere kuti galimoto isamapendekeke pokhota. Anati anzake akumuseka kuti galimoto yake imagona pakona ngati bwato, ndiye akufuna ndizimange usiku womwewo.

Ndinazitembenuza. Zinali zonenepa kuposa chala changa chachikulu, ndipo m'mabowo a mabawuti munali matope ouma. Nditamufunsa komwe wazitenga, anayankha monyada kuti kusikirapu kwa mdala Fang, wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, pagalimoto yoyera yomwe inagwera kuphompho chaka chatha. Anati galimotoyo inaphwanyika yonse koma zitsulozo sizinapindike, ndiye umboni wakuti n'zolimba.

Ndinamuuza zomwe ndimauza aliyense. Chitsulo chakumbuyo chikanenepa kwambiri, galimoto imaleka kupendekeka, inde, koma pamsewu wonyowa mchira umaterereka popanda kukuchenjeza. Ndinamuuzanso kuti ine sindikonda zitsulo za pagalimoto yangozi, makamaka mwezi umenewu. Iye anali akuyang'ana foni.

"Alamu, inu mumadziwa za matakisi," anatero. "Izi n'zina."

Ndakhala pansi pa magalimoto zaka makumi atatu. Iye sadziwa n'komwe kuti jeki amaiika pati.

Ndikanamuthamangitsa, koma Pi-yun anali atatsika, ataima pamakwerero. Anandiitanira pambali nandiuza kuti ndikakana, mlongo wakeyo apita kwa munthu wina amene akamanga mwachisawawa. Anawonjeza kuti ngati akukayesa galimotoyo usiku womwewo, ndipite naye. Mayi awo atamwalira, Pi-yun ndiye anamulera, ndipo mpaka lero amamuona ngati kamwana kosadziwa kumanga zingwe za nsapato.

Ntchito inanditengera maola awiri. Ndinaika mabushi atsopano, timalabala togwira zitsulozo, bawuti iliyonse ndinaimanga kawiri. Iye anangoima pambali n'kumandijambula, kuti akaonetse anzake.

Tinanyamuka cha m'ma teni koloko.

Msewu umenewo ukayamba kukwera umangokhotakhota osapuma. Kunali nkhungu. Pamakona ena panali mapepala achikasu ambwee, ndalama za akufa zimene madalaivala a malole amaponya pawindo podutsa pomwe panafera anthu. Munthu wanzeru amachepetsa liwiro pamenepo. Te-wang ankawonjezera moto kuti aziona mapepalawo akuuluka kumbuyo, n'kumaseka, amvekere atole okha eni ake.

Chilungamo chake, galimoto inkayenda bwino. Pakona inkakhala phwathalala, osagwedezeka. Ntchito inali yanga, ndiye sindinadabwe. Iye ankangomenya chiwongolero n'kumandifunsa ngati ndaona. Ndinaona. Ndinaonanso kuti amaponda buleki mochedwa pakona iliyonse, ndipo galimoto ndi yomwe inkamukhululukira.

Titadutsa Pinglin, nyumba zinatha. Nyali za mumsewu zinayamba kutalikirana.

Go. Go. Go.

Kugogodako kunachokera pansi, kumbuyo chakumanzere, kuseri kwa mpando wa dalaivala. Te-wang anandiponyera diso, nati ndasiya bawuti yosamanga. Chitsulo chokhwefuka chimalira pabampu. Apa msewu unali wosalala ngati tebulo.

Go. Go. Go.

Kenaka tinafika pakona yokhotera kumanzere. Aliyense amene anakwerapo basi amadziwa kuti galimoto ikamakhotera kumanzere imapendekekera kumanja. Yathu inapendekekera kumanzere. Inatsika mbali imeneyo pang'onopang'ono, monga imachitira munthu wamkulu akalowa n'kukhala pansi. Kona inatha, msewu unawongoka, koma galimoto sinadzuke.

Ndinamuuza kuti aime. Sanatsutse, ndipo aka kanali koyamba usiku wonsewo.

Anaima pamalo otakasuka pafupi ndi khoma la phiri, nazimitsa injini. Kunja kunali zii, kupatula madzi odontha m'mitengo. Ndinatenga tochi n'kutuluka. Teyala lakumbuyo lakumanzere linali litalowa m'kati mpaka kukhudza bodi. Ndinagwira bodiyo n'kukankhira m'mwamba ndi mphamvu zanga zonse. Sinasunthe.

Ndinawunika pagalasi. Kumbuyo kunalibe munthu. Koma mpando unali utabonyera pakati, ndipo lamba anali womanga.

Ndinagogoda pawindo la Te-wang n'kumufunsa ngati lamba ameneyo amakhala womanga nthawi zonse. Anapukusa mutu osatembenuka. Manja onse awiri anali pachiwongolero, maso patsogolo.

Ine ndine makaniko. Chinthu chikalira ndimafuna kuchiona. Ndinagona chagada patala wonyowa, n'kulowetsa mutu ndi dzanja pansi pa galimoto, kutsogolo kwa teyala lija. Mabawuti onse anali m'malo mwake. Sipuling'i sinathyoke, inangopanikizika mpaka kumapeto. Ndinagwira sitabilaiza. Inali yozizira moti chikhatho chinachita dzanzi.

Go. Go. Go.

Ndinakumva m'dzanja, koma sikunkachokera pachitsulocho. Kunkachokera pamwamba panga, m'kati mwa galimoto, pomwe munthu wokhala kumbuyo amaponda. Kunali ngati chibakera cha munthu wotopa. Katatu, kupuma, katatu.

Ndiye ndinamva mawu a mwamuna. Sanali aukali. Anali a munthu amene waitana nthawi yaitali mpaka kukhosi kwauma.

"Ndikadali momwemuno."

Injini inalira nthawi yomweyo.

Mpaka lero sindidziwa kuti dzanja ndinalichotsa bwanji. Teyala linadutsa pomwe panali mutu wanga, n'kuphwanya tochi. Ndinagubuduka, ndipo podzuka ndinangoona nyali zofiira zikulowa munkhungu, ina pansi ina pamwamba. Mlamu wanga, amene ndinamuphunzitsa kupalasa njinga, amene amadya kwanga Lamlungu lililonse, anayatsa galimoto ine ndili pansi pake. Chomwe ankathawa anapita nacho. Amene anamusiya ndi ine.

Foni yanga inali m'galimoto. Ndinayamba kutsika wapansi, ndikutsata mzere woyera. Mantha analipo, koma mkwiyo ndi umene unkandiyendetsa. Ndinamutukwana iye, galimoto yake, anzake ndi foni yake, mokweza, kuti ndisamve china chilichonse kumbuyo kwanga. Magalimoto atatu anandipitirira. Sindiwadandaula, munthu woyenda yekha pamsewu umenewo mwezi wa mizimu ngakhale ine sindingamuimire.

Inandiimira ndi lole ya anyezi yochokera ku Yilan. Dalaivala wake sanatsegule chitseko msanga. Anandiuza kuti ndiime kutsogolo kwa nyali, nditembenuke, nditchule dzina langa ndi msewu womwe ndimakhala. Ataona kuti ndili ndi mthunzi anandilola kukwera.

Ndinafika kunyumba cha m'ma fili koloko. Pi-yun anayang'ana zovala zanga zamatope, kenaka anafunsa za mlongo wake. Ndinamuuza zonse, osachotsa kalikonse. Anakhala pansi pamakwerero. Anaimba foni ya Te-wang kambirimbiri, inkangolira. Anaimbira apolisi, anaimbira zipatala. Panalibe galimoto yofiira yomwe inachita ngozi usiku umenewo.

Kukucha, foni ya m'galaja inalira. Anali mdala Fang. Sanapereke moni. Anangoti ndipite ndikatenge munthu wanga.

Ine ndi Pi-yun tinapeza Fang ataima panja pa geti, kiyi ali m'manja. Unyolo unali chimangire, loko wosakhudzidwa, mpanda wonse uli bwinobwino. Anati sanafune kutsegula tisanafike, kuti tidzionere tokha. Agalu ake awiri, amene amaluma ngakhale wobweretsa makalata, anali atabisala pansi pa basi yakufa, osatuluka.

Galimoto yofiira inali m'kati, kumapeto kwenikweni, pakati pa milu iwiri ya magalimoto osanjikizana. Kanjira kofikira kumeneko n'kopapatiza moti wilibala imavuta kudutsa. Penti wake analibe pokalika ngakhale pamodzi. Inaima moyandikana ndi galimoto yoyera ija, denga lake lophwathalala.

Te-wang anali atagwada pachitseko chakumbuyo chakumanzere cha galimoto yoyerayo. Chitsekocho chinali chitapindikira m'kati, ndipo iye ankachikoka ndi manja. Zikhadabo zinayi zinali zitachoka. Buluku linali lonyowa, osati ndi mvula. Ankangonena chamumtima kuti akutsegula, amudikire pang'ono, akutsegula.

Pi-yun anamugwira mapewa koma sanaleke. Ndinapempha Fang chitsulo chotsegulira, ndipo tonse awiri tinakanula chitsekocho mpaka chinagwa pansi. M'kati munalibe kanthu, mpando wowola basi ndi magalasi osweka. Chitseko chitangogwa, Te-wang anasiya kuyankhula. Anayang'ana zala zake n'kuyamba kulira ngati mwana.

Zitsulo zabuluu zija ndinazimasula pomwepo, ndili chigonere m'matope, n'kuziponya m'galimoto yomwe zinachokera. Galimoto yofiira inadzuka n'kuima mowongoka. Kuti ituluke, Fang anachita kuinyamula ndi makina.

Nkhani sinachedwe kuzungulira. Mayi wogulitsa mkaka wa soya pangodya ndi amene anauza Pi-yun zomwe anthu akunong'onezana. Amati dalaivala wa galimoto yoyera ija sanafe. Anali mwana wa munthu wolemera, ataledzera, ndipo galimoto itagwa anatulukira pawindo, kukwera phompho, n'kupita kwawo kukagona kuti mowa uthe apolisi asanamuyeze. Mnzake anatsala pampando wakumbuyo, miyendo itapanikizika, ali moyo. Anagogoda usiku wonse. Anamupeza masana atafa, zibakera zili zosupuka. Ena amati ankangofuna munthu womutsegulira. Ena amati amasaka madalaivala othawa anzawo, ndipo akamupeza mmodzi samusiya. Fang amati iye amagulitsa zitsulo, sagulitsa mbiri.

Te-wang sanandipepese. Patatha sabata anayamba kuuza anthu kuti anathamangira kukaitana chithandizo. Pi-yun anamuuza kuti asadzanenenso zimenezo m'nyumba mwake, ndipo aka kanali koyamba kumumva akumukalipira.

Galimoto anaigulitsa. Zala zinapola. Koma chiyambire tsiku limenelo phewa lake lakumanzere linatsika, ndipo amayenda mopendekeka ngati wanyamula chidebe chodzaza. Madokotala anamujambula msana kawiri, sanapeze kanthu. Nsapato yakumanzere imatha chidendene miyezi iwiri isanakwane, yakumanja ikadali yatsopano. Akakhala pasofa pathu, mbali yakumanzere kwake imabonyera, pomwe palibe munthu. Ogula nyumba akamufunsa, amawauza kuti anavulala pampikisano.

Lamlungu lapitali anabwera kudzadya. Pochoka mvula inali itayamba, ndiye anandipempha kuti ndimuperekeze pagalimoto yanga mpaka kunyumba kwake. Anati si patali, ndipo ali yekha.

Ndinayang'ana phewa lija, ndinamupatsa ambulera, n'kumulozera pomwe pamaima basi.