Kamera ya Malizani

Malizani wa ku Mvera ankajambula makanema opanda owaonera. Ali pa maphunziro ku Lilongwe adaonetsedwa kanema wa munthu wina wa ku Philippines, wotalika maola asanu ndi atatu, momwe mlimi ankangoyenda m'munda theka la ola osayankhula. Ati kanemayo adapambana mphotho m'maiko akunja. Malizani adabwerera kwawo mtima uli pa makanema otere.

Zaka zinayi zidatha. Eni mavidiyo a pa Mponela ankamubwezera ntchito yake. "Anthu amafuna ndewu ndi nthabwala, achimwene. Izizi akumagona nazo." Mnzake wa kusukulu, Festus, wojambula timasewero ta pafoni, adagula galimoto. Mkazi wa Malizani, Talandira, ankagulitsa tomato kuti mwana wawo Mirriam apeze yunifolomu.

Tsiku lina Malizani adakwera kabaza kupita kumapiri a ku Ntchisi kwa a Yeremiya, sing'anga wa zizimba za chuma. Mkuluyo adaika kamera pamphasa naipaka mafuta akuda a m'nsupa.

"Akunjawo adzakufunani okha," adatero. "Koma chizimba ichi sichidya nkhuku."

"Chimadya chiyani, bambo?"

"Nthawi. Chaka chilichonse, mvula isanagwe, mujambule munthu wa magazi anu kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Osazimitsa."

"Nanga munthuyo adzatani?"

"Mwabwerera za iyeyo kapena za inu?"

Malizani adanyamula kamera yake.

Adayamba ndi amayi ake, a Faines, akugalauza m'munda. Kanemayo adagulidwa kunja mwezi usanathe. Malizani adakwera ndege, nabwerako ndi ndalama zomangira nyumba yampanda pa Mponela. Koma a Faines adayamba kuchedwa m'zonse. Munthu akawapatsa moni, ankayankha iye atafika kale patali. Kufika pachitsime cha pafupi kunkawatengera m'mawa wonse. Kuchipatala sadapeze matenda. Adamwalira chimanga chili m'maondo.

Chaka chachiwiri adajambula mng'ono wake Godwin akuthirira nazale ya fodya. Ndalama zidabweranso. Godwin, mnyamata wa mpira, adayamba kukoka miyendo, ndipo fodya asanakhwime adaikidwa m'manda. Pamaliropo anthu ankaleka kuyankhula Malizani akayandikira. Akulu a mpingo adalandira chopereka chake, koma envulopu adaiika payokha.

Talandira adali ataona zambiri. Kamerayo sinkakhala m'chikwama monga kale, inkagona kunsi kwa bedi itakulungidwa m'nsalu yakuda, ndipo inkanunkha mafuta a nsatsi.

"Bambo a Mirriam, pa Mponela pano anthu ndi ambiri. Bwanji mumangojambula abale okhaokha?"

"Akunja amakonda nkhope za kwathu."

"Chaka chino mujambula ya yani?"

Malizani adayang'ana pabwalo pomwe Mirriam ankasewera fulaye. "Mwana akuyenda kupita kusukulu," adatero motsitsa mawu. "Ndi kanema chabe."

"Chabwino," adatero Talandira. "Mudzamujambule Lolemba."

Lamlungu mayi ndi mwana adapita kutchalitchi ndipo sadabwerere. Malizani adawafunafuna kwa makolo a mkaziyo ku Chezi, koma apongozi ake adamuyankhira pazenera kuti sadawaone. Abale ena onse ankalowa m'nyumba akaona galimoto yake.

Mitambo itayamba kuda, Malizani adathamangira kwa a Yeremiya.

"Ndijambule mlendo, bambo. Kapena chichotseni chizimbachi."

"Chidalowa kale," adatero mkuluyo akusenda chinangwa. "Musavutike. M'nyumba mwanumo wa magazi anu watsalamo mmodzi."

Mvula idampeza m'njira. Pofika pageti, dzanja lake lidatenga nthawi yaitali kuti lifike pa loko. M'mawa mwake tiyi adamuzizirira kapu isanafike pakamwa. Akunja akaimba foni, inkalira mpaka kuduka asanaigwire, ndipo patapita masabata angapo adaleka kuimba. Antchito adathawa, akuba adazula zitseko masana iye akuona, pakuti mawu oitana anthu ankamutuluka iwo atapita kale. Adamupeza atafa pakhonde, mwendo umodzi uli pa sitepe.

Luso la munthu limacha ngati chimanga, ndipo chimanga sachikoka kuti chikule msanga. Wofuna chuma chachangu amalipira ndi anthu amene akadadya naye, ndipo akatha iwowo amatsala ndi iye mwini.