Noemi pa Sikelo

Noemi ndi mwana wa mchimwene wanga. Ine ndine azakhali ake. Noemi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuyendetsa Nkhaka pa mpikisano.

Nkhaka imeneyi si ya kudimba ayi. Ndi galimoto. Ndi yaitali ndipo ndi yobiriwira. Ili ndi mateyala atatu. Siimwa petulo, imayendera batire. Ana a kusukulu kwa Noemi anaipanga okha.

Anaipanga m'nyengo yozizira. Ankadula zitsulo. Ankamanga mateyala. Noemi ankalumikiza mawaya, chifukwa zala zake n'zazing'ono.

Koma mpando unali umodzi. Mpandowo unali wa Emmett, mnzake wa Noemi. Ana anamuyeza Emmett miyendo. Anamuyeza mapewa. Kenako anapanga galimoto yomukwana iyeyo.

Noemi ankangoyendetsako pang'ono pabwalo la sukulu. Akatsika, Emmett ankamuseka.

"Iwe kambalame, umaona kutsogolo koma?"

"Ndimaona, iwe nsungwi!" Noemi ankayankha.

Ankasekana choncho tsiku ndi tsiku. Koma chakudya ankagawana.

Kuzizira kunatha. Tirigu anabiriwira m'minda ya kuno ku Kansas. Tsiku la mpikisano linafika. Tonse tinapita. Bambo ake a Noemi anatenga bokosi la zida. Mayi ake anatenga chiwaya chowotchera matotiya, timikate topyapyala tija ta ufa. Ine ndinatenga pakamwa panga, pakuti kuchemerera ndiye ntchito yanga.

Mpikisano umenewu si wa liwiro lokha. Magalimoto amazungulira bwalo ola lathunthu. Yozungulira kambiri ndiyo imapambana. Batire likatha, basi, waima pomwepo.

Emmett anavala chipewa cholimba. Analowa mu Nkhaka. Ana anabweretsa denga. Dengalo anali atalimaliza dzulo lake. Masiku onse Emmett ankayendetsa popanda denga.

Anatsitsa denga. Silinatseke.

Anakankha. Silinatseke.

"Pinda miyendo, aise!" anzake anakuwa.

"Ndapinda!" anatero Emmett.

"Pindanso!"

"Ndipinde kangati? Sindine mpango ine!"

Aphunzitsi awo, a Hostetler, anagwira mutu.

"Ana inu, talakwitsa," anatero. "Emmett tinamuyeza kalekale. Tinaiwala kuti ana amakula."

Zoonadi, Emmett anali atakula. Mnyamata ameneyu amadya ngati anthu atatu. Ine ndinamuonapo.

Emmett anatuluka. Anavula chipewa. Anakakhala yekha kuseri kwa lole imene inanyamula Nkhaka. Anazolika. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri.

A Hostetler anayang'ana ana onse. Kenako anayang'ana Noemi.

"Noemi, lowa tione."

Noemi analowa. Denga linatseka, kwapu!

Noemi anamwetulira. Anali wosangalala. Analinso ndi mantha.

Koma panatsala sikelo. Woyendetsa aliyense amakwera pa sikelo kaye. Kamuvi ka sikelo kayenera kufika pa mzere wofiira. Wopepuka amanyamula katundu, kuti onse alemere mofanana.

Woyeza anali Mayi Pruitt. Anavala chipewa chachikulu cha dzuwa. Noemi anakwera pa sikelo. Ananyamula kathumba ka mchenga. Kathumbako kanali ka Emmett, ndipo kanali kakang'ono.

Kamuvi kanakwera. Koma sikanafike pa mzere wofiira.

"Mwanawe, wapepuka," anatero Mayi Pruitt. "Kamuvi kakapanda kufika, Nkhaka siyenda lero."

"Ngakhale pang'ono pokha?" ine ndinafunsa. Ndinamwetulira mano onse.

"Ngakhale pang'ono, mayi," anatero.

Ana onse anayang'anana. Miyezi yonse ija ya ntchito! Kodi Nkhaka ibwerere kunyumba osathamanga?

Noemi anaganiza. Kenako anaitana bambo ake.

"Ababa, m'bokosi mwanu muli cholemera?"

"Chilimo, mwanawe."

Bambo ake anabweretsa hamala. Anabweretsanso sipanala yaikulu. Noemi anazikumbatira.

Kamuvi kanakwera. Koma sikanafike pa mzere wofiira.

"Amama, nanga chiwaya chija?"

"Chiwaya changa? Ndiye tidya chiyani?"

"Ndikubwezerani, Amama. Chingozungulira nane basi."

Mayi ake anaseka. Anachipukuta bwinobwino. Anamupatsa. Chiwaya chimenecho n'chachitsulo chokhuthala, n'cholemera zedi.

Kamuvi kanakwera, kanakwera. Koma sikanafike pa mzere wofiira.

"Azakhali, makiyi anu aja!"

Ine ndimagwira ntchito yosesa pasukulu. Ndili ndi makiyi a zitseko zonse. Ndikamayenda, anthu amandimvera patali. Amandiseka nawo makiyi amenewa. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Kamuvi kanakwera pang'ono. Kanatsala pang'onong'ono. Koma sikanafike pa mzere wofiira.

Magalimoto ena anali atandanda kale. Nthawi inali pafupi kutha.

Noemi anaika katundu pansi. Anathamangira kuseri kwa lole. Anamupeza Emmett atazolika. Maso ake anali ofiira.

"Emmett."

"Pita ukayendetse, kambalame. Ndisiye."

"Sindingapite. Ndapepuka."

Emmett anatembenukira kumbali.

"Nkhaka ndi yakonso," anatero Noemi. "Sindikufuna kupita popanda iwe. Ndibwereke majombo ako."

Emmett anayang'ana mapazi ake. Majombo ake ndi aakulu. Kutsogolo kwake kuli chitsulo. Amavala pokadyetsa ng'ombe za bambo ake.

"Akununkha ng'ombe," anatero.

"Ndikudziwa. Tonse tikudziwa."

Emmett anaseka pang'ono. Anamasula zingwe. Anavula jombo imodzi. Anavula inayo. Anabwera kusikelo atavala masokosi okha.

Noemi anakweranso. Ananyamula mchenga. Ananyamula hamala ndi sipanala. Ananyamula chiwaya ndi makiyi. Emmett anasanjika majombo pamwamba.

Kamuvi kanakwera. Kanakwera. Kanafika pa mzere wofiira!

"Wakwana!" anatero Mayi Pruitt. Anatseka mphuno, koma anamwetulira. "Tsopano mumange zolimba. Kasagwe kanthu m'njira."

Ana anaika zonse m'bokosi kuseri kwa mpando. Anamanga ndi malamba. Mayi Pruitt anagwedeza bokosi. Silinasunthe.

Emmett anamuveka Noemi chipewa cholimba.

"Tamvera, kambalame," anatero. "Ena akakupitirira, asiye. Sunga batire. Ola ndi lalitali."

Mbendera yobiriwira inagwa. Magalimoto ananyamuka. Sachita phokoso magalimoto amenewa. Amangoti siii, ngati mphepo ya pazenera.

Galimoto yofiira inapitirira Nkhaka. Yachikasu inapitiriranso. Yoyera nayonso inapitirira.

"Thamanga, Noemi! Thamanga!" ine ndinakuwa.

"Ayi, azakhali! Musamusokoneze!" anatero Emmett.

Ndinatseka pakamwa. Si zophweka kwa ine zimenezo.

M'galimoto munali motentha. Noemi anali ndi mantha. Manja ake anatopa. Koma pokhota paliponse ankamva kaphokoso kumbuyo. Nge, nge, nge! Anali makiyi anga. Ankamvanso fungo la ng'ombe.

"Sindili ndekha," Noemi anadziuza. "Ababa alimo. Amama alimo. Azakhali alimo. Emmett alimo."

Nkhaka inazungulira. Inazunguliranso. Emmett anaima m'mbali mwa bwalo. Noemi akamadutsa, iye ankatsitsa dzanja. Pang'onopang'ono, kambalame. Pang'onopang'ono.

Kenako galimoto yofiira inaima. Batire linali litatha. Yachikasu inayamba kukwawa, nayonso inaima. Nkhaka inkangoyendabe.

Ola linatsala pang'ono kutha. Emmett anakweza manja onse awiri.

"Tsopano! Ponda, Noemi, ponda!"

"Ndikuwe?" ine ndinafunsa.

"Kuwani, azakhali!"

Ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Nkhaka nayo inali itatopa. Batire linkafooka. Koma inayenda. Inayenda. Inadutsa mzere ikuyendabe, mbendera ikukupiza.

Nkhaka inakhala yachitatu. Ife tinavina ngati yakhala yoyamba. Emmett anathamanga ndi masokosi ake. Iye ndi amene anatsegula denga.

Madzulo tinakhala pa udzu. Mayi ake a Noemi anayatsa kachitofu. Anaika chiwaya pamoto. Anawotcha matotiya ambiri.

"Idyani," anatero. "Chiwaya ichi chathamanga ola lathunthu lero."

Bambo ake anapsompsona Noemi pamutu. Ine ndinalandira makiyi anga. Ndinalira pang'ono, sindikubisa.

Noemi anatenga majombo. Anamupatsa Emmett.

"Wathamanga bwino, nsungwi," anatero.

"Iwenso, kambalame."

Emmett anavala jombo imodzi. Anakwinya nkhope.

"Ikuthina," anatero.

"Wakulanso?" tonse tinakuwa.

A Hostetler anagwiranso mutu. Tinaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Chaka chamawa tipanga galimoto yaikulu," anatero Noemi. "Uyendetsa ndiwe. Koma unyamule nsapato zanga."

"Tinsapato takoto? Sikelo singatimve n'komwe!"

"Sikelo isatimve," anatero Noemi. "Iweyo uzidziwa kuti ndilimo."

Emmett sanasekenso. Ananyema totiya yake pakati. Mbali yaikulu anamupatsa Noemi.