Mpaka Abwere Wamwamuna

Mbaliwali anakulira m'nyumba imene anthu ankaisirira. Sinali yaikulu ayi. Inali ya zipinda ziwiri, pabalaza pali mipando yachitsulo imene bambo ake anawotcherera okha, ndi kakhonde komwe amayi ake ankayanikapo zovala mvula ikamagwa. Bambo akewo anali ndi shopu yowotcherera zitsulo m'mphepete mwa msewu, ndipo dzina loti Mbaliwali analitola komweko, chifukwa ali kamwana ankakonda kuthamangira moto umene unkathetheka bambo ake akamadula chitsulo. M'nyumbamo ankapemphera asanadye. Iye ndi alongo ake awiri ankawatuma mofanana, kuwakalipiranso mofanana, ndipo panalibe mwana amene ankadyera m'mbale yosiyana ndi anzake.

Bambo ake atamwalira, shopu inatsala m'manja mwake. Dzanja anali nalo: mageti ake sankapendama, mafelemu a mawindo ankalowa pakhoma osavuta. Anakwatira mtsikana wofatsa wa m'kwaya ya kutchalitchi kwawo, telala wodziwa ntchito, amene ankasokera pakhonde uku akuimba chapansipansi. Mwana woyamba atabadwa wamkazi, Mbaliwali anavina m'khonde la chipatala mpaka anamwino anamuletsa. Mawa lake anasiya geti la kasitomala lili theka n'kuwotcherera kabedi ka mwana wakeyo.

Wachiwiri anabweranso wamkazi. Mbaliwali anakondwa ndithu, koma atafika kushopu anapeza Wapenti akumudikira. Wapentiyu ndi amene ankapaka penti mageti akatha kuwotchereredwa, munthu wapakamwa, wa zikhadabo zosaona madzi.

"Ndamva, achimwene. Wamkazinso?" anatero Wapenti akutakasa penti ndi kamtengo. "Koma inu ndinu ochenjera. Mwakwatira telala, ndiye mukungomuberekera makasitomala a madiresi."

Anthu amene anali pashopupo anaseka. Mbaliwali nayenso anaseka.

"Sekani," Wapenti anapitiriza. "Koma makina awa mudzasiyira ndani? Kudzabwera mkamwini wosadziwa ndi hamala yomwe, adzagulitsa zonsezi ngati zitsulo zakutha, n'kukamwera mowa. Dzina la bambo anu lathera pa inu."

Tsiku limenelo Mbaliwali anawotcherera mahinjesi mozondoka, chinthu chimene anali asanachitepo.

Amayi ake anaona kuti mwana wawo wasintha. Akabwera kuntchito sankanyamulanso kakhanda. Tsiku lina anamuitana pakhonde.

"Iwe, bambo ako atagona pabedi miyezi yonse ija, ankawatembenuza ndani? Ankawasambitsa ndani? Si alongo ako? Iwe unkangosuzumira pakhomo n'kumati, 'Ali bwanji lero?' Mwana ndi mwana. Mulungu si sitolo yoti ukasankhe."

"Ndamva, amayi," anayankha, maso ali kumsewu.

Sanamve. Wachiwiriyo asanayambe n'kuyenda komwe, mkazi wake anali ndi pakati pena. Mimba imeneyo inavuta, ndipo mwana anabadwa pa opaleshoni. Anali wamkazi. Namwino anawalangiza kuti apume zaka zingapo kuti chilonda chipole, n'kumupatsa mayiyo mapiritsi olera. Mbaliwali atawapeza mapiritsiwo m'kabati, pansi pa nsalu za makasitomala, anakawataya m'chimbudzi.

"M'nyumba muno simulera munthu," anatero, "mpaka abwere wamwamuna."

"Abambo, chilonda chikundiwawabe. Ndikanyamula ndowa ndimamva ngati chikutseguka."

"Amayi ako anabereka angati? Anafa?"

Wachinayi anabadwanso pa opaleshoni, wamkazinso. Ulendo uno dokotala anawaitana onse awiri m'kachipinda kake n'kutseka chitseko. Anali munthu wachikulire wosakonda kuzungulira.

"Chiberekero cha akazi anu chapyapyala kwambiri pamene tinadula kawiri paja," anatero akumuyang'ana Mbaliwali m'maso. "Akatenganso mimba ina chikhoza kuphulika, ndipo pamenepo timataya mayi, mwana, kapena onse. Muli ndi ana anayi athanzi. Ine ndikuti titseke."

"Tikaganiza," anatero Mbaliwali, n'kuimirira dokotala asanamalize.

Panjira mkazi wake anayesa kumunyengerera. "Abambo, ine ndimasoka. Nsalu ukaisoka pamodzimodzi, n'kuisula, n'kuisokanso, pachitatu singano imangoboola mphepo. Ndilolani nditseke. Ndikufuna ndiwaone ana anga akukula."

"Ana ako," anayankha. "Wanena bwino. Ako."

Nyumba ija inachepa. Atsikana atatu ankapanikizana pabedi limodzi, wakhanda n'kumagona ndi mayi ake. Makina osokera anayamba kugwira fumbi chifukwa mwini wake sankatha kupondaponda nthawi yaitali msana usanayambe. Makasitomala anatenga nsalu zawo n'kupita kwina. Mwana wachisamba uja, amene aphunzitsi ankamutama kuti ndi wanzeru, anayamba kujomba kusukulu kuti azichapa matewera ndi kubereka ang'ono ake. Mayiyo anapita yekha kuchipatala mobisa n'kukabayitsa jakisoni wolera.

Mbaliwali anayamba kuona kunyumba ngati malo aphokoso. Wapenti anamupezera kothawira.

"Tiyeni mukatsuke utsi pakhosi," anatero tsiku lina akuweruka. "Botolo limodzi silinaphepo munthu. Komanso ndikufuna ndikuonetseni munthu wina."

Bala yake inali kuseri kwa malo okwerera basi, kachipinda ka malata kokhala ndi mabenchi onata ndi wailesi yosokosera. Wogulitsa mowa anali mayi wojintcha, wamaso akuthwa, amene aliyense ankamutchula kuti Make Anyamata, chifukwa anali ndi ana aamuna atatu, aliyense bambo wake.

"Ameneyu saphonya," Wapenti ananong'oneza. "Munda wabwino umaoneka ndi zokolola."

Make Anyamata anamutsegulira botolo n'kumugwira paphewa. "Ndiye ndinu a mageti aja? Manja ngati amenewa opanda wodzawalowa? Zachisoni."

Botolo limodzi linakhala awiri, awiri anakhala kireti. Munthu amene kale ankatsegula shopu dzuwa lisanatuluke anayamba kufika makasitomala atatopa kudikira. Mageti ake anayamba kupendama. Kutchalitchi anasiya, akuti mabenchi ake ndi olimba. Posakhalitsa zovala zake zina zinali kwa Make Anyamata, ndipo sankabisanso.

Mkazi wake atamufunsa, anamuyankha ana akumva.

"Ukudabwa chiyani? Iwe watopa, wanena wekha. Kuli ena amene amadziwa kubereka. Akandipatsa mnyamata, nyumba ino ndi yake, iwe ndi gulu lakoli muona kolowera."

Mayiyo sanalire pamaso pa ana. Anayang'ana atsikana ake anayi atakhala pamkeka, anaganiza za komwe angapite nawo, ndipo tsiku la jakisoni wotsatira litafika sanapite kuchipatala. Patapita miyezi ingapo anamuuza mwamuna wake kuti ali ndi pakati.

Mbaliwali anasangalala ngati munthu amene wapambana mlandu. "Waona? Unali kungochita mwano. Uyu ndiye mnyamata, ndikumva m'magazi."

Amayi ake atamva anabwera kushopu masana dzuwa likuswa mtengo. Sanapereke moni. Anapita pakhoma n'kuzimitsa magetsi, makina onse n'kukhala chete.

"Dokotala anakuuza chiyani?"

"Madokotala amangoopseza, amayi."

"Ine si dokotala, koma ndamuona mpongozi wanga. Miyendo yatupa, milomo yayera, akaimirira amagwira khoma. Iwe ukumukumbira manda mwana wa eni ake ndi manja ako omwewa. Anakulakwira chiyani? Kukupatsa ana anayi ndiye mlandu?"

"Amayi, ndili pantchito."

"Ntchito yake iti? Fungo limene likuchoka mkamwa mwakolo ndi la ntchito? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mwananga. Koma awa akadzagonera, adzakuwawa mpaka kufa."

Wapenti, amene anali kuseri kwa geti, anadikira kuti achoke n'kunena kuti, "Azimayi amagwirizana, achimwene. Limbani mtima."

Zinachitika Loweruka masana, mimba isanakwane masiku. Mayiyo anali atakhala pamakina kusoka yunifomu ya mwana wachiwiri. Mwadzidzidzi anakuwa kamodzi kokha, n'kugwa chammbali, mpando n'kumugwera. Mwana wachisamba anathamanga kuchokera kukhitchini ndipo anapeza amayi ake atagwira mimba, thukuta lili kamukamu, magazi akuyenderera pasimenti.

"Kaitane bambo ako," ananong'ona mayiyo.

Mtsikanayo anathamanga wopanda nsapato. Kushopu anapeza loko. Anadziwa kopita. Analowa m'bala muja, malo amene anali asanapondemo, n'kupeza bambo ake atakhala pakona, Make Anyamata atawatsamira, Wapenti akusimba nthabwala.

"Ababa, amayi agwa! Magazi ali ponseponse!"

Mbaliwali anachita manyazi kuti mwana wamupeza chotero, ndipo manyaziwo anasanduka ukali.

"Wakuuza ndani kuti uzilowa muno? Pita! Si koyamba amayi ako kubereka. Ndikubwera."

"Ababa, chonde!"

"Ndati ndikubwera!"

Make Anyamata anatsegula botolo lina. "Malizani kaye ili, muzikalandira mnyamata wanu muli ndi mphamvu."

Amene anamunyamula mayiyo anali oyandikana nawo nyumba. Anaimitsa galimoto ya munthu wodutsa n'kumugoneka kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya apongozi ake. Njira yonse ankangobwereza mawu amodzi: "Amayi, ana anga musawagawe."

Mbaliwali anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, akuyenda mosamala ngati munthu amene sakufuna kuti adziwike kuti wamwa. Anapeza amayi ake atakhala pansi m'khonde, miyendo atatambasula, mpango uli m'manja. Mwana wachisamba anali pambali pawo, diresi lake lili ndi magazi ouma. Palibe anamuyang'ana. Chitseko chinatseguka, namwino anatuluka akuvula magolovesi.

"Inu ndinu mwamuna wake?"

"Ndine," anatero Mbaliwali akuwongola kolala. "Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Namwinoyo anamuyankha osaphethira.

"Mwana ndi wamkazi, ndipo ali moyo. Za mayi ake simunafunse, koma ndikuuzani. Chiberekero chinaphulika. Anafika magazi atatha. Atisiya."

Mowa wonse unamuthera pomwepo. Anatambasula dzanja kuti agwire mwana wake wachisamba, koma mtsikanayo anasuntha n'kukhala mbali ina ya agogo ake. Funso lija analimva ndi makutu ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanamutchulenso munthuyo kuti ababa.

Pamaliro Mbaliwali analira kuposa aliyense, mpaka kudzigwetsa pamanda. Mkulu wake wa malemu anamuyang'ana n'kunena mokweza kuti, "Mudzutseni, angadetse suti. Misozi imeneyi ikanakhala magazi, bwenzi mng'ono wanga ali moyo."

Zimene mayiyo anapempha sizinatheke. Agogo okalamba sakanatha kulera ana asanu, wina wakhanda wofuna mkaka wa m'chitini. Awiri anatengedwa ndi mkulu wake wa malemu, mmodzi anapita kwa mlongo wake wa Mbaliwali, wachisamba ndi wakhanda anatsala ndi agogo. Ana amene ankagona bedi limodzi anayamba kuonana pamaliro pokha. Wachisamba uja kusukulu sanabwererenso.

Mbaliwali anathawira m'botolo. Anagulitsa chopukusira zitsulo, kenako makina owotcherera a bambo ake aja. Sanagulitsidwe ndi mkamwini ayi, anagulitsa yekha, ndipo amene anapeza wogula anali Wapenti. Tsiku limene shopu inatsekedwa, Make Anyamata anamuikira zovala zake panja m'thumba la pulasitiki. "Ine ndili ndi anyamata atatu oti ndidyetse," anatero. "Wachinayi wandevu sindimufuna."

Zaka zinapita. Mowa anausiya thupi litakana lokha. Anayamba kukhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, kumata ndowa zobooka ndi kukonza zogwirira za mapoto. Kutchalitchi anabwerera, koma ankakhala benchi lomaliza n'kutuluka nyimbo yotsekera isanathe.

Tsiku lina kamtsikana kovala yunifomu kanaima patsogolo pake. Anali mzime uja, ndipo nkhope yake inali ya mayi ake yeniyeni. Anali atamuonapo patali kangapo, koma anali asanalankhulanepo awiriwiri.

"Akulu anga akuti inu ndinu bambo anga," kanatero.

"Ndine, mwananga."

"Akutinso munkafuna mnyamata, ndiye amayi anafa pobereka ine." Kanamuyang'ana m'maso. "Ndiye kuti ndinalakwa ndine? Ndikanakhala mnyamata, amayi akanakhala moyo?"

Hamala inagwa m'manja mwa Mbaliwali. Pamene ankati, "Ayi, mwananga, wolakwa ndine," kamtsikanako kanali katawoloka kale msewu, chifukwa mkulu wake ankakaitana kutsidya, osayang'ana n'komwe kumtengoko.

Inu anyamata amene mudzakhale ndi mabanja, ndi inu amene muli nawo kale, imvani. Mwana wamkazi si chiphaso chodikirira wamwamuna, ndipo thupi la mkazi wanu si munda woti muzilima mpaka mutakolola chimene mukufuna. Kunyoza mwana amene Mulungu wakupatsani ndi tchimo, ndipo tchimo limeneli siliyenda lokha: limaitana mowa, chigololo ndi nkhanza. Mverani makolo, mverani achipatala, ndipo mnzanu woseka ana anu mumutalikire. Mbaliwali anapatsidwa mkazi wabwino ndi ana asanu, koma chifukwa cha mmodzi amene sanabadwe, anataya onse.