Mzimayi wa pansi pa mlatho

Basi yomaliza yopita ku Yavorovo inkanyamuka m'tauni 8 koloko madzulo, ndipo ankaiyendetsa ndi Tsvetan. Chiyambireni ntchito yomanga mlatho wa msewu waukulu, njira yakale anaitseka. Magalimoto onse ankatsikira kumtsinje n'kudutsa pansi pa zipilala.

Tsiku limenelo kunali mvula. M'basi munali anthu asanu okha.

"Iwe Tsvetan, basiyi ukuikoka ndi chingwe?" anakuwa mayi Ginka, ogulitsa tchizi pamsika. "Tikafika adzukulu anga atamera imvi!"

"Tsikani mukankhe, mayi."

Anthu anaseka.

Atayandikira zipilala, magetsi a basi anaunika munthu. Mzimayi. Anangoti njo pakati pa msewu, atavala chovala chachikasu cha anthu apantchitopo. Analibe tochi. Anakweza dzanja.

Tsvetan anatsegula zenera. "Kwagwanji, achemwali?"

"Bwererani. Dzerani kuphiri."

"Kuphiri ndi maola awiri!"

"Bwererani."

Mpamene anamuyang'anitsitsa. Mvula inkakhuthuka, koma tsitsi lake linali louma. Nsapato zake zinalibe matope. Kunkazizira, aliyense mpweya wake unkaoneka ngati utsi, koma pakamwa pa mzimayiyo sipankatuluka kanthu.

Tsvetan anatembenuza basi. Atayang'ana pagalasi, msewu unali mbee, wopanda munthu.

Mayi Ginka anamutukwana njira yonse ya kuphiri.

M'mawa anamva pa wailesi. Zitsulo zochirikiza mlatho zinagwera pamsewu wa kumtsinje usiku womwewo, cha m'ma hafu pasiti eyiti. Sipanafe munthu.

Tsvetan anapita kwa kapitawo wa omanga mlathowo kuti akathokoze. Kapitawoyo anadabwa. "Usiku sitisiyapo munthu, bambo. Komanso mzimayi pano tilibe."

Ku Yavorovo amanong'onezana. Amati mlatho waukulu suima amisiri asanakwirire chithunzithunzi cha munthu m'maziko, ndipo mwini chithunzithunzicho sakhalitsa ndi moyo. Amatchula Nevena, yemwe ankagulitsa khofi kwa omangawo, n'kumwalira mwadzidzidzi chipilala choyamba chitangotha.

Lamlungu mayi Ginka anafika kwa Tsvetan atanyamula tchizi ndi makandulo awiri.

"Kandulo imodzi ndi yako, mwana wanga. Tiye kutchalitchi."

"Timuyatsire ndani, mayi? Sitikudziwa ngati mzimayi uja anali Nevena."

"Tiye basi. Mwiniwake adziwa."