Mwala Umene Ndinapondetsa Tayala

Ine Thompson sukulu ndinalekezera folomu thuu, koma galimoto ndimazidziwa kuposa onse a madigiri a ku Manchester. Ndiye a Overton, a nesi, achimwene ake a chibwenzi changa Asimenye, atabwereka chigalimoto china chokhala ndi mabedi ndi khitchini m'kati kuti tikachiyese awiri, ndinati, "Alamu, inu zanu ndi jakisoni. Zoimika mundisiyire." Ankandikayikira, komatu ukwati wanga unkadikira mawu awo.

Tinafika pakampu kunja kwa Rotherham chakumadzulo. Malo ake otsetsereka. Galimoto yotere ikapendekeka filiji sigwira ntchito, munthu umagona magazi ali kumutu. Mapulasitiki opondetsa matayala kuti galimoto iwongoke ndinali nditaiwala, koma ndikanaulula? Ndinadumpha kampanda ka miyala, kuseri kwake kuli kapinga wometedwa bwinobwino, n'kutola mwala wafulati. Kwathu manda amadziwika ndi mitengo yowirira. Kuno ngati bwalo la mpira.

Ndinaupondetsa tayala lakumbuyo kumanzere, n'kukoka handibuleki, kenako kapu ya madzi patebulo. Madzi analingana ndendende mbali zonse.

"Mwaona alamu? Popanda satifiketi."

Pakati pa usiku lalanje limene tinasiya patebulo linagwa. Linagubuduzika kupita kumanzere, komwe anagona a Overton, pamwamba penipeni pa tayala lija. Kenako galimoto inatsika. Pang'ono chabe. Ngati wina akusolola mwala.

Go. Go. Go. Osati pachitseko. Pansi.

"Thompson," a Overton ananong'ona, "wapondetsa chiyani iwe?"

"Mwala basi, alamu."

"Nanga akundipumira m'khosimu ndani?"

Ine, amene ndinathamangitsapo zidakwa zitatu ku Salford, ndinafunda bulangeti mpaka kumutu.

Kutacha, mwala sunalinso pansi pa tayala. Unali pakhomo la galimoto, wotembenuzidwa, matope opukutidwa bwino. Panali dzina lofufutika ndi chaka, 1871. Mzungu woyang'anira kampuyo atauona anavula chipewa, n'kutiuza kuti tinyamuke tisanamwe ndi tiyi yemwe.

Kuyambira tsikulo khosi la a Overton linapindikira kumanzere. Madokotala awaunika kangapo, sapeza kanthu. Za ukwati anayankha liwu limodzi: ayi. Kutchalitchi azimayi amanong'onezana kuti tinagona pamutu pa munthu.

Ine mantha ndilibe, mundifunse. Kungoti masiku ano ndimamwera m'botolo. M'kapu, tebulo liwongoke bwanji, madzi amapendekera kumanzere.